Mafunso Anu: Kodi ku America thukuta lokha limalemeretsa?

FUNSO: Ndine mnyamata wa zaka 26, ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto pa Mangochi boma. Anzanga ambiri ali ku Joni, koma ine mtima uli ku America. Ndimamva kuti kumeneko aliyense wolimbikira ntchito amalemera, kaya anabadwira m'banja losauka. Ine ntchito sindiopa. Kodi n'zoona? A.J., Mpondasi

YANKHO: Achimwene, zomwe mwamvazo eni ake amazitcha American Dream. Mawuwa anawatchukitsa ndi James Truslow Adams m'buku lake la mu 1931, The Epic of America, ndipo tanthauzo lake n'lakuti munthu akwere malinga ndi luso ndi khama lake, osati mtundu kapena chuma cha makolo. Si bodza lamkunkhuniza ayi, kungoti nkhaniyi imafika kuno itadulidwa pakati.

Inu ndinu wa kunyanja, mukudziwa. Usiku wa usipa amene amakoka chilimira mpaka manja kutuluka matuza ndi alovi, koma pogawana m'mawa gawo lalikulu limapita kwa mwini boti, injini ndi ukonde. Ku America nakonso funso siliima pa mphamvu zanu, liima pa chimene mwagwira m'manja: mapepala, chiphaso cha ntchito, ndi dera lomwe mwafikira.

Katswiri wa zachuma Raj Chetty ndi anzake anayeza nkhaniyi pogwiritsa ntchito kaundula wa misonkho. Mwa ana obadwa mu 1940, pafupifupi 90 pa 100 alionse atakula ankapeza ndalama zoposa za makolo awo. Mwa obadwa m'ma 1980, ndi theka lokha. Anapezanso kuti mukagawa mabanja m'magulu asanu, mwana wobadwira m'gulu losaukitsitsa ali ndi mwayi wa pafupifupi 7.5 pa 100 wofika m'gulu lapamwamba. Ndipo zimatengera mzinda: ku San Jose ndi pafupifupi 13 pa 100, ku Charlotte sikufika ndi 5 pomwe. Kodi tinene kuti a ku Charlotte ndi alesi? Ayi. Sukulu, malo okhala ndi ntchito zopezeka m'deralo n'zimene zikusiyana. Musaiwalenso kuti amene analemera kale sanangodalira thukuta: lamulo la Homestead la mu 1862 linkapatsa banja maekala 160, ndipo GI Bill ya mu 1944 inalipirira asilikali sukulu ndi kuwathandiza ngongole za nyumba.

Tsopano tengani cholembera. Malipiro otsikitsitsa okhazikitsidwa ndi boma lalikulu la America ndi $7.25 pa ola, ndipo sanasinthe chiyambire 2009. Maola 40 pa sabata ndi $290, pa chaka $15,080. Zigawo zambiri zinakweza paokha (California inafika $16 mu 2024), choncho tiyerekeze kuti mwapeza ya $15 pa ola. Pa mwezi ndi $2,600. Musanaigwire, 7.65 pa 100 yachotsedwa ya Social Security ndi Medicare (thumba la penshoni ndi la chithandizo cha kuchipatala cha okalamba), pafupifupi $200, kenako msonkho wa boma lalikulu, ndipo m'zigawo zambiri msonkho wa chigawonso. M'mizinda yambiri nyumba ya chipinda chimodzi lendi yake imadutsa $1,000. Kunja kwa mizinda ikuluikulu ngati New York simungayende popanda galimoto, ndipo galimoto siyenda popanda inshulansi. Kulibe chipatala cha boma chaulere ngati chathu cha pa boma. Wodwala wopanda inshulansi amatuluka ndi bilu yoti angaibweze zaka. Ndiye kumudzi akamachulukitsa $2,600 ndi mtengo wa dola wa pa msika, amaona mamiliyoni omwe inu simunawagwirepo.

Chimene chimapha alendo ambiri ndi kuganiza kuti maola ochuluka ndiwo makwerero. Lamulo limati ola lililonse loposa 40 pa sabata, pa bwana mmodzi, lilipidwe kamodzi ndi theka. Koma wogwira ntchito ziwiri, maola 30 uku 30 uko, salandira chowonjezeracho, ndipo nthawi zambiri salandiranso inshulansi ya kuntchito chifukwa konseko ndi waganyu. Zaka khumi zimatha ali pa malipiro omwewo, msana utatha.

Amene amakwera amachita mosiyana. Chaka choyamba amakhala anthu atatu kapena anayi m'nyumba imodzi. Amatsegula akaunti ya banki n'kuyamba kumanga mbiri ya ngongole, yomwe imayezedwa kuyambira 300 mpaka 850. Popanda iyo eni nyumba amakukanani ndipo ngongole ya galimoto imabwera ndi chiwongoladzanja chokwera. Kenako amagula chiphaso. Inu woyendetsa, chanu ndi CDL, laisensi ya mathiraki, yomwe maphunziro ake ndi a masabata, osati zaka. Ena amayamba ndi CNA, ntchito yosamalira okalamba, yomwe lamulo limafuna maola 75 a maphunziro kapena kuposerapo, n'kumaphunzira unamwino madzulo ku community college, koleji ya m'dera. Zonsezi zimafuna chinthu chimodzi poyamba: chilolezo chogwirira ntchito. Wolowa ndi visa yokacheza n'kutsalira saloledwa kugwira ntchito, amalipidwa m'manja ndalama iliyonse imene bwana wafuna, ndipo akapitirira chaka n'kutuluka amaletsedwa kubwerera kwa zaka khumi. Ndiwo matchona a masiku ano, maliro a mayi awo amaonera pa foni.

FUNSO: Kuno kuli bambo wina wa kompyuta amene akuti tikamulipira atilembetsa mpikisano wa green card, chilolezo chokhala ndi kugwira ntchito ku America, ndipo akuti ali ndi anthu ake mkatimo. Ndinalekeza Fomu 2. Ndilipire? Mayi F.S., Namwera

YANKHO: Mayi, ndalamayo onjezerani pa mpamba wa geni yanu. Mpikisanowu, wotchedwa Diversity Visa, unakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1990 ndipo umapereka ma visa osaposa 55,000 pa chaka kwa dziko lonse lapansi. Osankha ndi makina, mulibe munthu wa wina aliyense mkatimo. Umafuna kuti mukhale mutamaliza ndi kukhoza sukulu ya zaka 12, kwathu kuno ndiye Fomu 4, kapena mutagwira zaka ziwiri ntchito yaluso yofuna maphunziro a zaka ziwiri. JCE siikwana. Dzina likhoza kutuluka, koma mukagwera pa mafunso ku ofesi ya kazembe ku Lilongwe, ndalama ya mafunso ndi yoyezetsa kuchipatala itapita kale.

Kwa ena oyenera, misampha ya madobadoba ndi iyi. Amakulembetsani kawiri poti mwayi uchuluke, pamene lamulo limati wolembetsa kawiri achotsedwe. Amasiya kulemba mwamuna, mkazi kapena ana osakwana zaka 21, ndipo zimenezo zimagwetsa fomu yonse. Choipitsitsa, amasunga nambala yotsimikizira. Popanda iyo simungaone zotsatira, ndiye mukasankhidwa amakugulitsani nambala yanu yomwe. Dziwaninso kuti malamulo a kumeneko savomereza mitala.

Ndipo khomo lenilenilo lapanikizika. Mu August 2025 Malawi ndi Zambia anali mayiko oyamba kuuzidwa kuti ofuna visa yokacheza kapena ya bizinesi azipereka chikole cha $5,000, $10,000 kapena $15,000. Mu December chaka chomwecho Malawi inaikidwa pa mndandanda wa mayiko omwe ma visa awo ambiri aimitsidwa. Musanapereke tambala kwa aliyense, onani kaye zomwe ofesi ya kazembe yalengeza pa nthawiyo.

FUNSO: Mwana wanga ndi namwino. Akuti anamwino ndiye amalemera msanga kumeneko? Bambo wa ku Monkey Bay

YANKHO: Unamwino ulidi pakati pa njira zodalirika, bambo, koma msanga ayi. Satifiketi ya kuno siimulola kugwira wodwala kumeneko. Mapepala ake a sukulu aunikidwe kaye, kawirikawiri ndi bungwe la TruMerit, lomwe kale linkatchedwa CGFNS. Akhoze mayeso a NCLEX-RN. Bungwe la anamwino la chigawo chomwe akupitako limupatse laisensi. Ndipo papezeke chipatala chomupemphera visa. Zimatenga zaka, ndipo ziletso zomwe tatchula pamwambazi zikumukhudzanso. Akapeza kampani yomulipirira zonsezi, awerenge bwino mgwirizano asanasaine, makamaka ndime yonena zaka zomwe ayenera kuigwirira ntchito ndi ndalama yomwe angabweze akachoka nthawi isanakwane.