Musanasonkhe ndalama ya chakudya ndi anzanu ku Dedza

Achemwali, mwafunsa ngati n'kwabwino kuphika limodzi ndi anzanu kapena kumadya kulesitilanti, koma musanapereke ndalama yanu m'manja mwa munthu amene akuti muziphikira limodzi, mundimvere kaye, chifukwa ine zimenezi zinandiliza ku Dedza komweko kumene mukupita kukaphunzirako. Amene akuyankhani kuti kudziphikira n'kotchipa kusiyana ndi kudya kulesitilanti sakunama, koma palibe amene wakuuzani kuti mphika wosonkherana umafuna anthu amtima wotani.

Tinali atsikana anayi m'nyumba ya lendi kufupi ndi paboma, ndipo miyezi yoyambirira tinkadya bwino kuposa mmene ndinkadyera kwathu. Loweruka tinkakwera minibasi kupita ku Lizulu, kumene msewu wa M1 ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique, n'kukagula ndowa ya kachewere, kabichi, anyezi, tomato ndi nyemba pamtengo umene wa ku Lilongwe sangaukhulupirire. Chimanga aliyense ankabwera nacho kuchokera kwawo, ife n'kukagayitsa mgaiwa. Madzulo tinkazungulira mbaula, wina akusenda kachewere, wina akusefa nsinjiro zotendera nkhwani, wina akuwerenga manotsi mokweza kuti tonse timve, ndipo nsima ikaphulidwa tinkadyera pomwepo tikuwotha makala otsalawo. Mpaka lero sindinadyenso kachewere wokoma ngati uja wongophika ndi tomato, anyezi ndi timafuta pang'ono.

Zinthu zinasokonekera kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mafuta ophikira, shuga ndi sopo zinakwera, kugula mafuta oyeza tsiku ndi tsiku kunayamba kutipweteka, ndiye mmodzi mwa ife, amene anali wamkulu komanso wodziwa kulankhula, anati mutu umodzi susenza denga, tizimupatsa iyeyo ndalama yonse azigula zinthu zambiri pakamodzi. Kwa kanthawi ankaguladi. Mu Juni, mayeso atayandikira, tinamupatsa ndalama ya mwezi wonse, ine n'kuwonjezerapo imene mayi anga anaipeza atagulitsa mtedza, iye n'kunena kuti akukaona odwala ku Ntcheu ndipo pobwera atsikira pamphambano ya ku Tsangano kuti atigulire kachewere ndi nyemba. Anabwera ndi tsitsi lomanga kumene ndi nsapato zatsopano, koma wopanda ngakhale mulu umodzi wa tomato. Titafunsa anati katundu wamusiya kwa achibale, abwera ndi galimoto mawa, ndipo mawalo silinafike.

Tsiku limene sindidzaliiwala ndi la mayeso ovuta kuposa onse. Nyemba zotsiriza ndinaziviika usiku, m'mamawa kusanache n'kuzitereka ndi makala otsiriza, kuti ndikabwera ndingophika nsima. Ndinapita kukalemba nditangomwa madzi otentha. Inu amene simunakhaleko ku Dedza mu Juni, dziwani kuti tauni imeneyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo chifunga chikatsika m'phiri madzulo zala zimauma moti cholembera chimavuta kugwira. Ndinafika kunyumba ndikunjenjemera, njala ili m'maso, n'kupeza poto wanga wa nyemba ali panja, atakombedwa mpaka pansi n'kuthiridwa madzi, mbale ziwiri zili pambali pake. Mnzathu wamkulu uja anadya ndi chibwenzi chake. Botolo la mafuta analisiya chozondotsa, mchere unatha, mbaula inali phulusa lokhalokha. Ndinatenga thumba la ufa n'kulikutumulira m'beseni, ndinapeza kaufa kosadzaza chikhatho, ndipo ndinaphika phala lopanda shuga lopanda mchere pamoto wa makatoni, utsi ukundilowa m'maso, ndikulira ngati mwana. Anzanga awiri aja anangogona osanena kanthu.

Usiku iye analowa akununkhira kanyenya, ali ndi tchipisi m'jumbo, n'kumadyera m'bulangete kuti tisamve, pamene fungo linali litadzaza kale chipinda chonse. Nditamufunsa za nyemba zanga anandiyankha kuti, "Kodi nyemba zomwezo mpaka kulira?" Munthu ameneyu ankatsogolera mapemphero a m'mawa m'nyumbamo. Ankadziwa kuti bambo anga anamwalira, ankadziwa kumene ndalama ija inachokera, ndipo sanapepese kapena kubweza ngakhale tambala. Eni nyumba nawo, amene anatiletsa kugwiritsa ntchito hotipuleti ati timatha mayunitsi, titawadandaulira anangoti za m'mphika salowerera, koma lendi ikhale itafika pa 1. Mtima umandiwawabe ndikamalemba izi, chifukwa munthu wakuba kumsika sakudziwa, koma uyu tinkafunda naye bulangete limodzi kukazizira.

Amene anandipulumutsa sabata imeneyo ndi mayi ena ophika nsima pammemo kufupi ndi msika. Anandiyang'ana kumaso n'kunena kuti, "Mwanawe, khala apo udye, udzalipira ukalandira." Anandipakulira mitanda iwiri ya nsima yotentha, usipa wokazinga ndi mpiru, n'kundithirira msuzi wa nyama umene sindinaitanitse. Choncho ine sindingakuuzeni kuti kudya kunja n'kuwononga ndalama basi. Pali chisangalalo chake posamba m'manja ndi madzi ofunda amene wakuthirira munthu wina, kudya osaganiza zotsuka mapoto m'madzi ozizira aja. Ngakhale kuima pachiwaya madzulo, tchipisi cha kachewere wa komweko chikutuluka m'mafuta, n'kuwazapo mchere, kabichi ndi tsabola wa kambuzi, kapena kugula zigege zotentha pochokera m'kalasi, kumamubwezera munthu mtima m'malo. Amalume anga atabwera kudzandiona ananditengera ku Dedza Pottery kukamwa khofi ndi keke ya tchizi, ndipo ndinakhala pakapinga paja ndikumva kuti nanenso ndine munthu.

Komabe musazolowere, chifukwa ndalama ya mbale imodzi ya kulesitilanti imagula ndiwo zoti mudye masiku angapo, ndipo chiwaya chimatha ndalama mwakachetechete. Muzidya kunja tsiku limene mwalandira ndalama ndi tsiku limene mwamaliza mayeso, ndipo mupeze mayi mmodzi wa pammemo amene azikudziwani dzina, muziwalipira mokhulupirika, kuti tsiku la mavuto asadzakukanizeni ngongole.

Za kuphika limodzi, ndikuti phikanibe ndi anzanu, pakuti makala ndi okwera mtengo ndipo kuyatsa mbaula chifukwa cha kansima ka munthu mmodzi n'kutaya ndalama, komanso kudya wekha m'chipinda chozizira kumabweretsa maganizo. Kungoti musasonkhe ndalama, sonkhani zinthu: uyu abweretse ufa, uyu makala, uyu nyemba, ndipo kumsika muzipita awiriawiri. Mafuta, shuga ndi kaufa kapadera muzikiyira m'sutikesi yanu, ngakhale anene kuti ndinu womana. Nyemba muziviika usiku wonse, chifukwa kumalo okwera ngati Dedza madzi amawira asanatenthe kwambiri ndipo nyemba zosaviika zimatha makala zisanapse. Soya pisi, usipa ndi mazira muzisungira masiku a mayeso pamene mulibe nthawi yodikira mphika. Kachewere musamusunge mujumbo kapena padzuwa, muyaleni pansi pamalo amdima kuti asawole kapena kubiriwira, ndipo nthawi imene tomato watchipa ku Bembeke ndi ku Lizulu mugule wosapsetsa kuti azipsa pang'onopang'ono. Mukafika mufunse anzanu a m'makalasi apamwamba za nyumba zimene eni ake amalola hotipuleti, musanalipire lendi ya mwezi woyamba.