Mafunso a Owerenga: iMac ya Mainchesi 27 Sikupangidwanso, Nanga Tigule Chiyani?

Funso: A Mlangizi, ndimagwira ntchito yokonza makhadi a ukwati, mapositala ndi timabuku ta mipingo, ndipo kompyuta imene ndimadyerapo ndi iMac ya mainchesi 27, kompyuta ya Apple yokhala m'bokosi limodzi ndi sikirini yake, yopangidwa mu 2017. Sikirini yake ikuonetsabe bwino ngati yatsopano, koma makinawo ayamba kuchedwa, ndipo mapulogalamu ena atsopano akukana kulowa ponena kuti macOS yanga, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyutayi, ndi yakale. Ndinatuma mlamu wanga amene amakhala ku Johannesburg kuti akandifunsire mtengo wa ina, koma m'sitolo anamuuza kuti mtundu umenewu unasiya kupangidwa. Kodi ndi zoona? Ngati ndi zoona, ndidikire kapena ndigule chiyani? Mtima ukundipweteka kutaya sikirini yabwino chonchi. Wowerenga wa ku Blantyre.

Yankho: Bambo, alamu anu anauzidwa zoona. Kampani ya Apple inayamba kugulitsa iMac ya mainchesi 27 mu October 2009, inaipatsa sikirini ya 5K mu October 2014, ndipo mtundu wake womaliza unatuluka mu August 2020. Pa 8 March 2022, tsiku limene kampaniyi inalengeza za Mac Studio ndi sikirini yoima payokha yotchedwa Studio Display, iMac yaikuluyo inachotsedwa pamsika. Anthu ambiri anapitiriza kuyembekezera kuti ibweranso ndi purosesa (ubongo wa kompyuta) yatsopano yopangidwa ndi Apple yomwe, koma mu November 2023 kampaniyi inauza atolankhani kuti ilibe malingaliro opanga iMac ya mainchesi 27 yotero. Choncho musaimitse ntchito yanu podikira chinthu chimene eni ake ananena kuti sakuchikonza.

Tisanafike pa zogula, tiyambe ndi imene muli nayo, chifukwa mavuto awiri amene mwatchula ali ndi magwero osiyana. Kuchedwako kawirikawiri kumachokera ku chosungira mafayilo. Ma iMac ambiri a 2017 anabwera ndi Fusion Drive, imene ndi hadi disiki yozungulira yophatikizidwa ndi ka SSD (chosungira mafayilo chachangu chosazungulira) kakang'ono, ndipo mu ya 1TB ka SSD kameneka ndi ka 32GB basi. Disiki yozungulira ikagwira ntchito zaka zambiri imafooka, ndipo tsiku lina imangoima osatsanzika. Vuto limeneli lili ndi mankhwala otsika mtengo: kumbuyo kwa makina anu kuli mabowo awiri a Thunderbolt 3, ndipo mungalumikizepo SSD yakunja, n'kuikamo macOS, kompyuta n'kumayakira pa SSD imeneyo m'malo mwa disiki yam'kati. Simufunika kumatula sikirini, ntchito imene sindikulimbikitsani kupereka kwa mmisiri amene sanaichitepo, popeza galasi lake ndi lomatidwa ndipo limasweka msanga. Kumbuyo komweko, pamwamba pa polowera nthambo ya magetsi, kuli kachitseko kobisa malo anayi a RAM, memore imene kompyuta imagwirira ntchito. Ngati yanu idakali pa 8GB imene ambiri anagula nayo, mungawonjezere nokha mpaka 64GB, ngakhale kuti pa ntchito yanu 24GB kapena 32GB ndi yokwanira.

Vuto lachiwiri ndi limene SSD singathetse. iMac ya 2017 inathera pa macOS Ventura ya 2022, ndipo singalandire mitundu yotsatira ya Sonoma, Sequoia kapena Tahoe m'njira yovomerezeka. Apple kawirikawiri imatseka mipata ya chitetezo m'mitundu itatu yokha yaposachedwa ya macOS, ndipo Ventura inatuluka m'gulu limeneli pamene Tahoe inafika mu September 2025. Opanga mapulogalamu okonzera zithunzi ndi mabuku nawonso amatsatira njira yomweyo, n'chifukwa chake ena ayamba kukukanani. Ndiye kuti SSD ndi RAM zikugulirani nthawi yosonkhanitsa ndalama, chaka chimodzi kapena ziwiri, bola musamale pochita za kubanki pa makinawo.

Tsopano za sikirini imene mukuimvera chisoni, ndipo ndikumvetsa, chifukwa ili ndi timadontho 5120 m'litali ndi 2880 m'lifupi, pafupifupi 14.7 miliyoni (ndiyo 5K imeneyo), ndipo mpaka lero ndi masikirini ochepa amene amaiposa. Owerenga ambiri amaganiza kuti angailumikize ku kompyuta ina ndi nthambo. Zimenezi zinkatheka pa ma iMac ena akale, kuyambira a 2009 mpaka apakati pa 2014, kudzera m'njira yotchedwa Target Display Mode, koma iMac iliyonse ya 5K ilibe njirayi. Njira ya AirPlay, yotumiza chithunzi kuchokera ku Mac ina, inakonzedwera ma iMac oyambira 2019, ndipo ngakhale pa amenewo chithunzi chimafika mochedwa pang'ono komanso mitundu siikhala yodalirika kwa munthu wokonza zosindikiza. Alipo amisiri amene amachotsa zam'kati zonse n'kuikamo kabolodi kena kosandutsa iMac kukhala sikirini wamba, ndipo zimagwira, koma mumataya kompyutayo, ndipo chikalakwika palibe amene angakubwezereni. Apa mpamene paonekera kufooka kwa makompyuta ophatikiza zonse m'bokosi limodzi. Sikirini yabwino imatha kukhala zaka zoposa khumi, pamene purosesa ndi mapulogalamu zimakalamba msanga, ndipo zikamatidwa pamodzi, chokalamba msangacho chimakokera chinzake kudzala. Uphungu wanga waukulu ndi woti ulendo uno mugule ziwirizi padera.

Kwa ntchito ngati yanu, kompyuta yoyenera ndi Mac mini, kompyuta yaing'ono ya Apple yobwera yopanda sikirini. Mtundu wa purosesa ya M4 umene unatuluka kumapeto kwa 2024 unayambira pa madola 599 a ku America, uli ndi memore ya 16GB, ndipo liwiro lake limaposa kutali la iMac yanu. Kabokosi kake ndi ka masentimita 12.7 m'litali ndi m'lifupi ndipo sikakwana kilogalamu imodzi, pamene iMac yaikulu imalemera pafupifupi makilogalamu 9. Alamu anu angakanyamule m'chikwama cha m'manja, zimene zikuchepetserani mtengo wotumizira komanso nkhawa ya galasi losweka pa basi. Kumbali ya magetsi, Apple imanena kuti Mac mini imeneyi siipitirira mawati 65 ngakhale itapanikizidwa, pamene iMac yamphamvu kwambiri ya 2020 inkafika mawati 295. Sikirini idzawonjezera ake, komabe kwa munthu wodalira inveta ndi batire magetsi akazima, kusiyanaku kumatanthauza maola ena ogwira ntchito. Kiyibodi ndi mausi za iMac yanu zidzagwira pa Mac mini, choncho musagule zina. Chimene muyenera kusamala ndi memore, chifukwa m'makina atsopanowa inamangidwira pamodzi ndi purosesa ndipo kachitseko kaja kulibe. Imene mwagula nayo ndi imene mudzakhale nayo mpaka makinawo atatha. Ngati mumatsegula mafayilo akuluakulu a zithunzi pamodzi ndi pulogalamu yoyalira masamba, tengani ya 24GB, ndipo malo osungira mafayilo mungawonjezere ndi SSD yakunja ija. Mac Studio, imene inayambira pa madola 1,999, ndi ya anthu okonza mavidiyo olemera, ndipo kwa inu kungakhale kuwononga ndalama.

Ndalama zambiri zidzapita ku sikirini. Studio Display ndi imene ikufanana kwambiri ndi yanu: mainchesi 27, 5K, kamera ndi masipika asanu ndi limodzi m'kati mwake. Inatuluka pa mtengo wa madola 1,599, ndiye pa mitengo yoyambirayo, kuphatikiza ndi Mac mini yotsikitsitsa kunkafika pa madola 2,198, pamene iMac ya mainchesi 27 ya 2020 inkayambira pa madola 1,799 ili ndi kiyibodi ndi mausi zomwe. N'chifukwa chake anthu ambiri anadandaula, ndipo dandaulo lawo ndi lomveka. Mwamwayi makampani ena ayamba kupanga masikirini a 5K a mainchesi 27 otsikirapo mtengo, monga Samsung ViewFinity S9, ASUS ProArt PA27JCV ndi BenQ PD2730S. Ngati thumba silikulola, sikirini ya 4K ya mainchesi 27 imagwira ntchito, koma dziwani kuti ili ndi timadontho pafupifupi 163 pa inchi iliyonse pamene yanu ili ndi 218, ndipo diso lozolowera 5K limaona kuti zilembo zazing'ono sizikuthwa mofanana. Kwa inu wokonza zosindikiza, kulondola kwa mitundu n'kofunika kuposa kuchuluka kwa timadontho, choncho funani yolembedwa kuti imakwaniritsa muyezo wa mitundu wotchedwa P3 komanso inayesedwa kufakitale, ndipo pewani masikirini opangidwira masewera, amene amathamanga koma amakokomeza mitundu. Khadi la ukwati likatuluka ndi mtundu wosiyana ndi nsalu imene mkwatibwi anasankha, mudzasindikizanso ndi ndalama zanu.

Ilipo iMac ya mainchesi 24, imene inayamba mu 2021 ndi purosesa ya M1 ndipo inalandira M4 mu October 2024 pa mtengo woyambira madola 1,299. Ndi makina abwino, ndipo kuthwa kwa sikirini yake n'kofanana ndi yanu. Koma munthu amene wazolowera kuyala masamba awiri moyandikana, zida zili pambali, adzaona kuti malo amuchepera, ndipo patapita zaka adzabwerera pa vuto lomweli la sikirini yabwino yomatidwa ku kompyuta yokalamba.

Tsiku losamuka, yambani mwakopera zonse pa disiki yakunja ndi pulogalamu ya Time Machine, kenako ina yotchedwa Migration Assistant idzasamutsa mafayilo ndi mapulogalamu. Fufuziranitu ngati makina anu osindikizira ndi odulira mapepala ali ndi madiraiva (timapulogalamu towalumikiza ndi kompyuta) ogwira pa macOS yatsopano, chifukwa zipangizo zakale za m'mashopu osindikiza ndi zimene zimatsalira kawirikawiri. Ngati chimodzi chakana, iMac yakaleyo isiyeni pakona kuti izichiyendetsa.

Funso: A Mlangizi, mwana wanga amene ali ku Manchester wapeza iMac ya mainchesi 27 ya 2020 yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo akufuna kunditumizira kuti ndizigwiritsa ntchito pa ofesi yanga yowerengera ndalama. Kodi ndivomere? Wowerenga wa ku Lilongwe.

Yankho: Mayi, vomerani pokhapokha ngati mtengo wake ndi wotsika kwenikweni. Mwa ma iMac onse aakulu, ya 2020 ndi imene ili ndi moyo wotsala wautali, chifukwa ndi yokhayo imene imalandira macOS Tahoe. Koma mu June 2025 Apple inalengeza kuti Tahoe ndi macOS yomaliza ya makompyuta okhala ndi purosesa ya Intel, monga iMac imeneyi, ndipo chotsalira pambuyo pake ndi zaka zochepa za zokonza zachitetezo basi. Uzani mwana wanuyo kuti awerengere mtengo wogulira, wotumizira katundu wolemera ndi wosachedwa kusweka chonchi, ndi msonkho wa pachipata, kenako ayerekeze ndi Mac mini yatsopano pamodzi ndi sikirini wamba imene mungagule konkuno. Pa ntchito ya manambala simufunika 5K.

Pali chifukwa chimodzi chimene chingandichititse kunena kuti tengani. Ngati pulogalamu yanu yowerengera ndalama imagwira pa Windows pokha, iMac ya Intel imalola kuikamo Windows 10 kudzera mu Boot Camp, njira imene kulibe pa makina a purosesa ya Apple, oyambira pa M1; pa amenewa Windows imayenda kudzera m'pulogalamu ina ngati Parallels. Komabe kumbukirani kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 mwa nthawi zonse mu October 2025. Asanapereke ndalama, mwana wanuyo aonetsetse zinthu ziwiri. Choyamba, mwini wakeyo atulutsemo akaunti yake ya Apple ndi kuzimitsa Find My, njira ya Apple yolondolera ndi kukhoma makina otayika, chifukwa mtundu wa 2020 uli ndi chipangizo chachitetezo cha T2, ndipo ukafika kuno uli wokhomedwa ndi akaunti ya munthu wina, palibe mmisiri amene angautsegule movomerezeka. Chachiwiri, aone kukula kwa SSD, popeza kuyambira ya 256GB mpaka ya 2TB zinawotchereredwa pa bolodi ndipo sizisinthika.

Funso: A Mlangizi, ine sindikakamira Apple. Ndikungofuna kompyuta ya sikirini yaikulu yopanda nthambo zambiri pa tebulo lolandirira alendo pa kiliniki yathu. Kodi zilipo za Windows? Wowerenga wa ku Chipata.

Yankho: Zilipo, Bambo, ndipo pa ntchito imeneyo ndi zoyenera. HP, Dell ndi Lenovo onse amapanga makompyuta a mainchesi 27 ophatikiza zonse pamodzi, ngakhale kuti ya Microsoft ya mainchesi 28, Surface Studio 2+, nayonso inasiya kupangidwa kumapeto kwa 2024. Ambiri otsika mtengo ali ndi timadontho 1920 ndi 1080 tokha, ndipo pa mainchesi 27 zilembo zimaoneka zokhakhala kwa munthu wokhala pafupi, choncho ngati n'kotheka tengani ya 2560 ndi 1440. Funsani wogulitsa ngati RAM ndi SSD zake zimasinthika, ndipo yang'anani kumbuyo ngati kuli bowo lolembedwa HDMI-in. Bowo limenelo limalola kuti zam'kati zikadzakalamba, mudzalumikize kompyuta ina yaing'ono n'kupitiriza kugwiritsa ntchito sikirini yomweyo. Muikenso UPS, kabokosi ka batire koteteza ku vuto la magetsi, pakati pa kompyutayo ndi soketi, chifukwa magetsi obwera mwamphamvu akawotcha bolodi ya makina otere, sikirini nayo imaima mpaka bolodi ina itapezeka.