Kuloweza matanthauzo sikokwanira pa ndakatulo ndi nkhani zopeka

Mayi wina wa ku Malindi walemba kudandaula kuti mwana wake wamkazi, yemwe ali mu Folomu 4, amaloweza matanthauzo a zipangizo za nkhani ndi ndakatulo (luso la kalembedwe monga chifanifani ndi kukokomeza) mpaka kuwanena pamtima, koma pa mayeso oyeserera a Chichewa amapeza malikisi ochepa. Akufunsanso ngati chikumubweza m'mbuyo n'chakuti pakhomo amayankhula Chiyao, komanso ngati phunziroli lingadzamupezetse ntchito.

Mayi, nkhawa ya Chiyao ichotseni. Mwana amene wakula akumva nthano, miyambi ndi nyimbo za pa ukwati m'chiyankhulo chilichonse amazidziwa kale zipangizozi ndi khutu, ngakhale sanaphunzire mayina ake. Chimene chikusowa mwa mwana wanu, monga momwe ndikuonera, ndi kulumikiza dzina la chipangizo ndi mzere umene uli patsogolo pake. Pa mayeso a MSCE omwe amakonza a MANEB, wophunzira amayembekezeka kuzindikira chipangizo m'ndime imene wapatsidwa ndi kufotokoza ntchito imene chikugwira pamenepo, ndipo tanthauzo loloweza palokha silimufikitsa patali.

Tiyeni titenge mizere itatu imene ndapeka kuti muyeserere naye madzulo ano:

Mwera wakwiya usiku uno,
Wathyola nkhafi ya atate,
Wabweza bwato lopanda usipa.

Mphepo ilibe mtima woti ikwiye nawo, choncho mlakatuli waipatsa khalidwe la munthu, ndipo chipangizo chimenechi chimatchedwa umunthu. Wophunzira amene wangolemba kuti "umunthu" wayankha theka chabe. Yankho lokwanira lipitirire kunena kuti mlakatuli akufuna timve kuti msodzi akulimbana ndi mdani wamphamvu amene sangakambirane naye. Onaninso kuti mawu oti "wakwiya", "wathyola" ndi "wabweza" onse akuyamba ndi "wa", ndipo kubwereza kotereku kukumveketsa tsoka likugwa motsatizana. Kenaka mufunseni kuti woyankhula m'ndakatuloyi ndani. Ana ambiri amathamangira kunena kuti ndi mlakatuli, koma mawu oti "atate" akutiuza kuti ndi mwana wa msodzi, amene mwina wayima pagombe m'mamawa kuona bwato likufika lopanda kanthu. Mlakatuli atha kukhala nkhalamba yoti sinakwerepo bwato, koma wabwereka pakamwa pa mwana.

Chifanifani n'chosavuta, bola mwana asiyanitse mitundu yake iwiri. Tikati "nyanja yagona ngati mphasa", tafananitsa poyera pogwiritsa ntchito "ngati". Tikati "nyanja ndi munda wa atate", tafananitsa popanda "ngati" kapena "monga", ndipo mawuwa ndi olemera kwambiri chifukwa akunena kuti banjalo limadya, kuvala ndi kulipira sukulu kuchokera m'madzimo. Mvekero, monga "phwa!" kapena "zii", amathandiza owerenga kumva ndi kuona chochitikacho, ndipo kukokomeza ndi monga munthu akati analira mpaka misozi kudzaza nyanja ya Malombe.

Pa nkhani zopeka, pamene ana athu amagwa kwambiri ndi pa phunziro la nkhani. Akafunsidwa phunziro la nkhani, ambiri amayamba kuifotokoza kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto, chomwe ndi tsatanetsatane wa nkhani. Tiyerekeze kuti mnyamata wa ku Makanjira wasiya sukulu n'kupita ku Johannesburg, kenaka wabwerako wopanda kanthu n'kupeza anzake atalembedwa ntchito. Zimene ndanenazi ndi tsatanetsatane. Phunziro ndi mfundo imene yabisala m'zochitikazo, monga kuopsa kofuna chuma cha msangamsanga, ndipo wophunzira ayenera kuikira umboni ndi chochitika chimodzi kapena ziwiri za m'nkhanimo. Chimodzimodzi pa mpangankhani, yemwe ndi munthu wa m'nkhani: kunena kuti ndi wopupuluma sikukwanira mpaka wophunzira atasonyeza chimene anachita, mwachitsanzo kugulitsa njinga ya pakhomo kuti apeze ndalama yoyendera osauza makolo. Malo ndi nthawi nazonso zisatchulidwe mongodutsa. Nkhani yochitikira pa doko la asodzi nyengo ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, imakhala ndi mavuto osiyana ndi nkhani ya ku mapiri a ku Namwera nthawi yokolola, ndipo wophunzira wanzeru amaonetsa momwe malowo akukankhira ampangankhani kuchita zimene akuchitazo.

Tsopano ndiyankhule ndi iwe mwana wanga. Tenga kope, ndipo tsiku lililonse uwerenge mokweza ndakatulo imodzi ya m'mabuku anu a kusukulu. Ukapeza chipangizo, ulembe mzere wake, dzina lake, ndi chiganizo chimodzi chonena chifukwa chimene mlakatuli wachiikira pamenepo. Gawo lachitatuli ndi lovuta, ndipo ndi limene ndikufuna uzithera nthawi. Ukatero upeke mzere wakowako wa chipangizo chomwecho kuchokera pa zimene ukuona pamsika kapena pa mlatho wa Shire, chifukwa chimene wapeka wekha suchiiwala m'chipinda cha mayeso. Upemphenso aphunzitsi ako mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo kuti uzolowere kafunsidwe kake.

Pa funso la ntchito, mayi, ndikuuzeni mosabisa kuti palibe amene amalembedwa ntchito chifukwa chongodziwa chifanifani. Komabe luso lowerenga mozama limatsegula zitseko zenizeni. Zipangizo zomwezi mwana amakumana nazonso m'phunziro la Chingerezi, ndipo kuti munthu alowe ku yunivesite za boma amafunika makirediti asanu ndi imodzi kuphatikizapo Chingerezicho. Kirediti imayambira pa giredi 6 kupita ku giredi 3, pamene 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba. Amene akonda mabuku atha kuphunzira uphunzitsi wa ziyankhulo ku Domasi College of Education, ku University of Malawi ku Zomba kapena ku Mzuzu University, ndipo amene akufuna utolankhani atha kuyang'ana ku Malawi University of Business and Applied Sciences (MUBAS) kapena ku Malawi Institute of Journalism. Mwana wodziwa Chichewa, Chiyao ndi Chingerezi ali ndi mwayi wapadera pa ntchito za pa wailesi ndi zomasulira kuno ku Mangochi, choncho musamuletse kuyankhula Chiyao pakhomo poganiza kuti mukumuthandiza kukhoza mayeso.