Kodi mapangano a zamalonda ndiwo akutilanda ma tenda (maoda a katundu) a boma?

Bambo wina, kalipentala wa ku Kapata ku Chipata, wandilembera kuti: "Timamva kuti Zambia inasaina mapangano ndi maiko ena. Kodi ndiwo amakakamiza boma kugula katundu wakunja, ife tili pompano ndi mipando yathu?"

Bambo, sakakamiza ayi. Koma amakukhudzani ndithu, polowera khomo lina.

Zambia ili mu WTO, bungwe la zamalonda la dziko lonse, kuyambira 1995. Malamulo a bungweli amati katundu wakunja akalowa m'dziko asasalidwe, koma zomwe boma limagula kuti ligwiritse ntchito lokha anazipatula. Zimenezo zili ndi pangano lakelake la zogula za maboma, lotchedwa GPA, ndipo Zambia sinalowemo. N'chifukwa chake lamulo lathu la zogula za boma la 2020, lomwe a ZPPA, bungwe loona za kagulidwe ka boma, amayang'anira, limalola kukondera makampani a nzika. Munaona nokha CDF, ndalama zachitukuko za dera la phungu aliyense, itakwera kufika K25.7 miliyoni mu 2022: madesiki ambiri a m'sukulu anakhomedwa konkuno kwathu.

Pomwe mapangano amaluma ndi pa mtengo. Zambia ili m'migwirizano ya maiko a mu Africa ya COMESA ndi SADC: COMESA inayamba malonda opanda msonkho wolowetsera katundu mu 2000, SADC mu 2008. Lole ikafika pa Mwami kapena pa Chirundu ndi chikalata chotsimikiza kuti katundu anapangidwa m'dziko la mgwirizanowu, msonkho umenewo umachotsedwa pa zinthu zambiri. Tsono amene mukulimbana naye pa tenda kawirikawiri si mlendo. Ndi mnzathu wa konkuno, mapepala ake onse ali bwino, koma mipando amaitanitsa ku Johannesburg. Pa pepala tenda yapita kwa nzika, koma macheka anu ali phee, anyamata anu akungokhala pa benchi. Ichi ndicho chimandiwawa, ndipo mankhwala ake ali m'manja mwa boma lathu: kufunsa komwe katundu wapangidwa, osangoyang'ana mwini kampani.

Pali pena pomwe boma limamangidwadi manja. Ntchito ikakhala ya ngongole ya World Bank, kagulidwe kamatsata malamulo a obwereketsawo, ndipo ma tenda akuluakulu amatsegulidwa ku makampani a maiko ena.

Inu musadikire zonsezo. Lembetsani bizinesi ku PACRA, khalani ndi chikalata cha ZRA chosonyeza kuti msonkho mulibe ngongole, lowani pa e-GP ya ZPPA, malo a pa intaneti pomwe boma limalengeza ma tenda. Oda ya madesiki 300 munthu mmodzi siitheka msanga, makamaka malipiro akachedwa, choncho kambiranani ndi anzanu a ku Kapata mupite ngati gulu.