Nthawi yowerenga mabuku ndingaipeze kuti?

Mayi wina wa ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe wanditumizira imelo yodandaula kuti chizolowezi chowerenga mabuku chinawathawa. Iwo akuti amachoka pakhomo 6 koloko m'mawa kupita kuntchito ku City Centre, amabwerako kunja kutada, ana atatu akuwadikira, ndipo Loweruka limathera kuchapa ndi kumaukwati pamene Lamulungu ndi la kutchalitchi. Ali kusekondale ankamaliza buku pa sabata, koma tsopano buku lina lomwe anagula mu Januwale likungotuwa ndi fumbi patebulo. Funso lawo ndi lakuti nthawi yowerenga angaipeze kuti.

Mayi, ndikuona kuti chimene chikukutchingani kwambiri ndi chakuti mukudikira mtundu wa nthawi imene munali nayo muli mtsikana, pamene munkatha kukhala pansi pa mtengo wa mango masana onse popanda wokuitanani. Masana oterowo sabweranso kwa munthu amene ali ndi banja ndi ntchito, ndipo mukapitiriza kuwayembekezera, bukulo lidzafika Disembala lili pomwepo. Nthawi ya munthu wamkulu imabwera yodukaduka, mphindi khumi apa, mphindi makumi awiri apo, ndipo kuwerenga kwanu kuyenera kulowa m'mipata imeneyo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mukamawerenga masamba 10 okha patsiku, pakutha pa chaka mudzakhala mutawerenga masamba 3,650, omwe ndi mabuku 18 a masamba 200 lililonse. Mwatchula za tchalitchi, choncho chitsanzo china muli nacho kale m'nyumba: Buku Lopatulika lili ndi machaputala 1,189, ndipo anthu ambiri otanganidwa ngati inu amalimaliza m'chaka chimodzi powerenga machaputala atatu kapena anayi patsiku. Anthu amenewo sanapatsidwe tchuthi chapadera ayi, koma anangomangirira kuwerengako ku nthawi yodziwika, monga m'mawa asanasambe kapena usiku asanagone. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo aliyense amene anatolako nkhuni amadziwa kuti palibe amene amazipeza zitamangidwa kale.

Mpata waukulu umene ndikuuona pa tsiku lanu uli m'minibasi. Sindikunena pamene ikuyenda, chifukwa anthu amakhala atathithikana ndipo ena amamva chizungulire akayang'ana pepala galimoto ikugwedezeka. Ndikunena nthawi ija mwakhala kale pampando, kondakitala akuitanira anthu kuti idzaze, inu mukungoyang'ana panja. Nthawi yomweyo imapezekanso pamzere wa kubanki, pabenchi ya kuchipatala podikira kuti mwana aonedwe, ndiponso pamsonkhano umene unayenera kuyamba 2 koloko koma akuluakulu sanafike. Kuno kwathu timadikira kwambiri, ndipo ine ndinasiya kukwiya nako kudikirako kuyambira pamene ndinayamba kuyenda ndi buku laling'ono m'chikwama. Chofunika ndi chakuti bukulo likhale lopepuka ndipo lizikhala m'chikwama momwemo, osati patebulo la kuchipinda.

Pali mdani mmodzi amene simunamutchule m'kalata yanu, ndipo ndikumutchula mwaulemu chifukwa nanenso amandigonjetsa: foni. Mipata yonse ndatchulayi inatengedwa kale ndi magulu a WhatsApp a kubanja, a kumpingo ndi a anzanu a kusukulu, komanso ndi Facebook. Sindikuti muchokemo, popeza uthenga wa maliro ndi wa matenda masiku ano umadzera momwemo. Koma yesani kwa sabata imodzi kuti mukakhala pampando wa minibasi m'mawa, dzanja liyambe lafika pa buku foni isanatuluke, ndipo mauthengawo mudzawapeza mukafika ku ofesi.

Za panyumba ndi zovutirapo, chifukwa mwa chikhalidwe chathu munthu amene wadzipatula n'kukhala yekha ndi buku anzake akucheza amaoneka ngati wonyada kapena wokwiya, makamaka akakhala mayi wapanyumba. Apa njira ndi kulankhula poyera. Auzeni bambo a kunyumba ndi ana kuti mukatha kudya nsima yamadzulo, mphindi 20 ndi zanu, ndipo ngati ana ali ndi ntchito ya kusukulu, khalani nawo patebulo limodzi, iwo ndi makope awo, inu ndi buku lanu. Magetsi akazima, nyali ya sola kapena thochi imakwanira, ndipo kunena zoona usiku wopanda wailesi yakanema ndi umene ine ndimawerenga kwambiri.

Popeza mumagwira ntchito ku City Centre, muli pafupi ndi likulu la National Library Service, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1967. Kubwereka buku kulaibulale kuli ndi ubwino umene kugula kulibe, chifukwa tsiku lobweza limakukakamizani kumaliza, pamene buku logula limadziwa kuti silipita kulikonse.

Padzakhala masabata amene simudzatsegula tsamba ngakhale limodzi, mwina chifukwa mwana wadwala kapena mwapita kumudzi kumaliro, ndipo mukabwerako mudzangobwerera masamba awiri m'mbuyo kuti mukumbuke pamene munalekezera. Kunena za buku la mu Januwale lija, ndikukayikira kuti mwina vuto lili ndi bukulo osati inu. Kusukulu tinkakakamizidwa kumaliza buku lililonse chifukwa cha mayeso, koma tsopano palibe amene adzakufunseni mafunso. Liwerengeni mpaka tsamba 50, ndipo ngati silikukukokani, mubwereke mnzanu wa kuntchito, inu mutenge la nkhani zifupizifupi lomwe nkhani imodzi ingathe minibasi isananyamuke.