Ngolo ya pa Table Mountain: anaikonza, anaisintha, kapena anaikapo ina?

Mwa makalata ofunsa za kalembedwe ka Chichewa amene ndalandira, yoyamba yachokera kwa mayi wina wokhala ku Cape Town, m'dziko la South Africa. Mpingo wawo, womwe anthu ake ambiri ndi ochokera ku Malawi, ukukonza ulendo wokaona phiri la mumzindamo lotchedwa Table Mountain, ndipo iwo ndiwo apatsidwa ntchito yolemba kapepala kofotokozera anzawo za ulendowo. Alemba motere:

"Aphunzitsi, chandivuta ndi chinthu chija chimanyamula anthu kupita nawo pamwamba pa phiri chikulendewera pachingwe. Kuno tonse timangoti cable car. Ndinalemba kuti: 'Cable car yokalamba inasinthidwa ndi yatsopano mu 1997, ndipo tsopano imatenga anthu 65.' Amuna anga atawerenga anaseka, ati ndi Chingerezi chovala chitenje. Ndalakwitsa pati?"

Mayi, bambo akunyumbawo ali ndi khutu lakuthwa. Mawu aliwonse m'chiganizo chanucho, kupatula dzina la chinthucho, ndi Chichewa ndithu, koma kamangidwe kake n'kachilendo. Tiyambe ndi dzinalo.

Ambiri akafuna kulitchula m'Chichewa amati galimoto yoyenda pachingwe. Si kulakwa, ndipo aliyense amva. Komabe ine ndimakonda kuti ngolo. Galimoto imadziyendetsa yokha ndi injini yake, pamene chinthu ichi chilibe injini m'kati mwake. Makina ali pasiteshoni, ndiwo amachikoka. Chinthu chonyamula anthu kapena katundu chochita kukokedwa, Mchewa anachitcha kale ngolo. Choncho poyamba lembani "ngolo yoyenda pachingwe", kenako muzingoti "ngoloyo". Ngati mukuopa kuti achinyamata obadwira komweko asokonezeka, tchulani kamodzi kuti ndi yomwe amati cable car ija, basi.

Ndipo pali ngolo ziwiri, osati imodzi. Ina ikamakwera, inzake imakhala ikutsika, n'kupatukirana pakati pa ulendo. Kulemera kwa yotsikayo kumathandiza kukoka yokwerayo. M'kapepala kanu, ndiye, mawu oyenera ndi "ngolo zakale" ndi "ngolo zatsopano".

Tsopano "yokalamba". Kukalamba ndi kwa chamoyo: munthu, galu, ng'ombe, mwinanso mtengo. Chitsulo sichikalamba. Chimatha, chimachita dzimbiri, chimaperepeseka. Pocheza timanena kuti "galimoto yatopa", koma amenewo ndi mawu a m'cheza, ndipo amapereka chithunzi cha chinthu chomwe chatsala pang'ono kufa. Apa m'pofunika kudziwa mbiri ya chinthucho musanasankhe mawu. Njira ya ngoloyi inatsegulidwa pa 4 Okutobala 1929. Amene anabweretsa ganizo lake anali injiniya wa ku Norway, Trygve Stromsoe, ndipo inamangidwa ndi kampani ya ku Germany ya Adolf Bleichert. Ngolo zoyambazo zinali zamatabwa ndi zitsulo, zonyamula anthu osapitirira 20. Anazichotsa mu 1958 n'kuikapo zina, mu 1974 anateronso. Ndiye kuti ngolo zimene zinachotsedwa mu 1997 si za 1929 zija ayi. Zinali zitangogwira ntchito zaka 23. Vuto lake lalikulu linali kuchepa. Alendo obwera ku South Africa anachuluka kwambiri tsankho litatha, ndipo ngolo yonyamula anthu osakwana 30 inkachititsa mizere italiitali. Mukati "zakutha" kapena "zotopa" mukuzinamizira. "Zakale" akukwanira, ndipo ngati mukufuna kunena chifukwa, mungoti "zinali zing'onozing'ono".

Pamene pagona nkhani yeniyeni ndi pa "inasinthidwa ndi yatsopano". Tawerengani chiganizo ichi: "Loko inasinthidwa ndi kalipentala." Kalipentalayo ndiye wagwira ntchito yosinthayo. Mneni akakhala ndi -idwa kapena -edwa, kenako n'kubwera "ndi", khutu la Mchewa limayembekezera kumva wochita ntchitoyo: analumidwa ndi njoka, anatumidwa ndi amfumu. Chiganizo chanu, kunena mosapita m'mbali, chikuti ngolo yatsopano ndiyo inabwera ndi masipanala n'kusintha yakale ija. Chingerezi chimalola kamangidwe kotero, ndipo n'kumeneko kwachokera.

Ngakhale mneni woti kusintha payekha ndi woterera. Munthu akati "ndasintha nyumba", kodi wasamuka, kapena wagumula khoma n'kuwonjezera chipinda? Zonse n'zotheka. Kukonza nako kuli pawiri: timakonza chowonongeka, timakonzanso chakudya kapena msonkhano, kumene kuli kukonzekeretsa. Mukalemba kuti "anakonza ngolo mu 1997", wina amva kuti inali itawonongeka, wina amva kuti ndi pamene anaipanga koyamba. Onse awiri aphonya.

Ena amathawira ku "inalowedwa m'malo ndi yatsopano". Mawuwa amapezeka m'zolembalemba, makamaka zomasuliridwa, ndipo sindinganene kuti ndi olakwika. Koma ndi olemera pakamwa, ndipo kulowa m'malo kumakhala bwino pa anthu: mphwake wa mfumu walowa m'malo mwa malume ake. Pa zipangizo, Chichewa chimakonda kunena ntchito ziwirizo motsatana, kuchotsa ndi kuika, popanda kutchula wochitayo. Timangoti "anachotsa", ndipo aliyense amadziwa kuti ndi eni ntchitoyo. Umu ndi mmene timapewera -idwa osataya kanthu.

"Imatenga anthu 65" ndi kachilema kakang'ono. Minibasi imatenga anthu pasiteji, kutanthauza kuti imaima n'kuwakweza. Ponena za kuchuluka kwa amene angakwanemo, timati imanyamula, kapena mumalowa anthu akutiakuti. Chiganizo chanu chikhale chotere:

"Mu 1997 anachotsa ngolo zakale n'kuikapo zatsopano zikuluzikulu. Iliyonse imanyamula anthu 65, ndipo ulendo wokafika pamwamba ndi wa mphindi zisanu zokha kapena kucheperapo."

Muwonjezereponso kuti amene akufuna kukwera wapansi, njira yotchuka ndi ya Platteklip Gorge, koma n'njotsetsereka kwambiri ndipo imadya maola. Ndatchula izi chifukwa mneni woti kukwera adzakusokonezerani anthu. "Tidzakwera phiri" kwa agogo a mumpingo mwanu kukutanthauza thukuta ndi ndodo, ndipo ena adzakana ulendowo pachabe. Lembani kuti "tidzakwera ngolo yopita pamwamba pa phiri".

Bambo wina amene amaphunzitsa sayansi kusekondale wafunsa zogwirizana ndi zomwezi. Akuti: "Ndikafuna kufotokozera ana mmene makina amenewa amagwirira ntchito, ndinene chingwe, nthambo, waya kapena unyolo?"

Bambo, unyolo uchoke msanga, chifukwa ndi wa timphete tolumikizana ndipo sumapezeka pamenepa. Waya ndi kachitsulo kamodzi kopyapyala, ngati wa mpanda kapena wopangira tigalimoto ta ana. Nthambo masiku ano anthu akaimva amaganiza za magetsi kapena za lamya. Chotsala ndi chingwe, ndipo n'choyenera osati chifukwa chakuti chatsala chokha. Chingwe ndi chinthu chopota, ndipo izi ndi mawaya ambirimbiri opotedwa pamodzi mpaka kukhala chinthu chochindikala. "Chingwe chachitsulo" ndiye mawu ake.

Muwauzenso anawo kuti zingwezo zili mitundu iwiri, ndipo Chichewa chimazilekanitsa mosavuta. Pali chingwe chonyamula, chomwe sichiyenda: chimangokhala chokungika kuchokera kusiteshoni yapansi mpaka yapamwamba, ndipo timawilo ta ngolo timagudubuzika pamwamba pake. Palinso chingwe chokoka, chomwe chimamangiriridwa kungolo ndipo chimayendetsedwa ndi makina. Kusiyana kumeneku ndiko kumalekanitsanso makina a mtundu uwu ndi ena aja okhala ndi tingolo tambirimbiri tomangika pachingwe chimodzi chomangozungulira osaima. Amenewo mungawatche tingolo tondondozana. Alibe dzina lokhazikika, choncho kufotokoza kukukwanira.

Bambo yemweyo wafunsanso ngati n'koyenera kunena kuti ngolo za pa Table Mountain "zimazungulira". Samalani pamenepo. Mukatero, mwana aganiza kuti ngoloyo imazungulira phiri, kapena kuti yonseyo imapota ngati nguli ili m'malere. Ngolo za 1997, zomwe zinachokera ku Switzerland, n'zobulungira, koma chimene chimazungulira ndi popondapo pokha, kuti aliyense aone mbali zonse, nyanja, mzinda ndi thanthwe, asanafike pamwamba. Musanenenso kuti "pansi pa ngolo pamazungulira", chifukwa pansi pa ngolo ndi kunja, kumimba kwake, kumene kuli thanki ya madzi. Madziwo amalemeretsa ngolo kuti isagwedezeke kwambiri ndi mphepo, komanso ndi omwe amakagwiritsidwa ntchito pamwamba paphiripo. Nenani kuti "popondapo pamazungulira pang'onopang'ono".

Wachitatu ndi mnyamata wina amene akuti akuphunzira utolankhani. Wawerenga za phiri la Zugspitze ku Germany ndipo akufunsa ngati nkhani yake angailembe ndi mawu ofanana ndi a ku Cape Town.

Ayi, achimwene, chifukwa zimene zinachitikazo si zofanana. Ku Cape Town anasintha ngolo, zingwe ndi makina, n'kukonzanso masiteshoni, koma njira ndi yomwe ija ya 1929. Ku Zugspitze, phiri lalitali kuposa onse m'dziko la Germany, njira yakale yochokera kunyanja ya Eibsee, yomwe inatsegulidwa mu 1963, anaitseka mu 2017 n'kuiphwasula. Yatsopano, yomwe anaimanga pafupi pomwepo, inayamba kunyamula anthu mu Disembala chaka chomwecho. Yakaleyo inali ndi nsanja ziwiri zochirikiza zingwe ndipo ngolo yake inkanyamula anthu 44. Yatsopanoyi ili ndi nsanja imodzi yokha yachitsulo, yotalika mamita 127, ndipo ngolo iliyonse imanyamula anthu 120. Apa mneni wake ndi kumanga: "anaphwasula yakale n'kumanga ina". Mukati "anaikonzanso", mwachepetsa ntchito yonseyo. Musatinso "anagwetsa", ngakhale timatero ndi nyumba, chifukwa pa nkhani ya chinthu cholendewera m'malere owerenga adzidzimuka, aganiza kuti kunachitika ngozi.

M'nkhani yotereyi mudzakumananso ndi vuto la mawu oti kutalika, omwe amagwira ntchito choimirira ndi chogona chomwe. Njira ndi yaitali, nsanja ndi yaitali, phiri ndi lalitali. Pa Zugspitze pali manambala atatu amene angasokonezeke: nsonga ya phirilo ili pa mamita 2,962, ngoloyo imakwera mamita 1,945 kuchokera kusiteshoni yapansi, ndipo kuchokera pansanja ija kukafika pamwamba zingwe zimayenda mamita 3,213 popanda chozichirikiza. Mukalemba "kutalika" katatu konseko, wowerenga atayika. Pa phiri nenani kuti "nsonga yake ili pa mamita akutiakuti kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere". Pa ulendo wokwera gwiritsani ntchito mneni, "imakwera mamita akutiakuti". Pa zingwe nenani "mtunda wa". Ndipo ngati mukufuna kuti owerenga a ku Malawi achione phirilo m'maganizo, auzeni kuti Sapitwa wa ku Mulanje, pa mamita 3,002, amaliposa pang'ono. Table Mountain ndiye ndi mwana: siteshoni yake yapamwamba ili pa mamita 1,067.

Manambala otere alembeni ndi zizindikiro zake. Palibe amene angapirire kuwerenga "zikwi ziwiri, mazana asanu ndi anayi, makumi asanu ndi limodzi ndi mphambu ziwiri" m'nkhani ya m'nyuzipepala.

Mnyamatayu wafunsanso ngati alembe "inatsegulidwa" kapena "idatsegulidwa". Zonse ndi Chichewa. Kusukulu ambiri tinaphunzitsidwa -da- pa zinthu zakale, ndipo m'madera ena ndi mmene anthu amayankhulira; m'madera ena -na- ndiye wofala. Sankhani chimodzi, musasakanize m'nkhani imodzi.

Nanga "paphiri" ndi "pa phiri"? Yang'anani mawu otsatira. Mukati "paphiri pano pakuzizira", malo ndiwo akulamulira chiganizo, n'chifukwa chake "pano" ndi "pakuzizira" agwirizana ndi pa-, ndipo timalemba mophatikiza. Mukati "pa phiri lalitali", mawu oti "lalitali" akugwirizana ndi phiri, choncho "pa" aima payekha. Patsogolo pa dzina lenileni la malo timalekanitsa nthawi zonse: pa Table Mountain, ku Cape Town, ku Mulanje.

Mayi a ku Cape Town aja anali ndi kafunso kena kumapeto kwa kalata yawo. Ngolo zija siziyenda kukakhala mphepo yamphamvu, ndipo akufuna kuchenjeza anzawo. Popeza mphepo yovuta kumeneko imachokera kummwera chakummawa, kodi angaitche mwera? Ndingakonde musatero, mayi. Mwera si dzina la mbali yokha kumene mphepo ikuchokera. Kwa Mmalawi limabwera ndi nyengo yake, miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, ndi mafunde a panyanja ya Malawi olepheretsa asodzi kupalasa bwato. Mphepo ya ku Cape Town ija imalimba m'miyezi yotentha, cha mu Novembala mpaka Febuluwale, ndipo ndi imene imayala mtambo woyera uja pamwamba pa phirilo. Mukalemba mwera, wina aganiza kuti ulendo wa mu Disembala ulibe chodetsa nkhawa. Lembani kuti: "Kukachita mphepo yamkuntho ngolo siziyenda, choncho tidzafunsa kaye mmawa wa tsikulo tisananyamuke." Ndipo ngati ulendowo mwaukonzera pakati pa chaka, fufuzaniratu masiku, chifukwa nthawi yachisanu ndi imene amakonda kuimitsa ngolozo kwa milungu ingapo kuti aunike zingwe ndi makina. Pamenepo pokha ndiye mungalembe kuti "akukonza".