Anyezi wanga akungokula masamba, mitu ayi

FUNSO: Zikomo alangizi. Dimba langa lili m'mphepete mwa dambo ndipo dothi lake ndi makande. Chaka chatha ndinawokera anyezi wa Red Creole, ndinathira ndowe yongotapa kumene m'khola, kenako Urea kawiri. Masamba anabiriwira bwino, koma mitu inali ing'onoing'ono, makosi aakulu, ndipo wambiri anawola ndisanapite naye ku msika wa Lizulu. Nthaka ndiikonze bwanji chaka chino?
Mayi wa ku Tsangano, Ntcheu

YANKHO: Pepani mayi, thukuta lanu linapita pachabe, koma mbewuyo musaide. Anyezi wanu munamudyetsa ngati chimanga, pomwe iye amadya mosiyana.

Mizu ya anyezi ndi yaifupi, yambiri imathera m'masentimita 20 mpaka 30 a pamwamba. Choncho chakudya ayenera kuchipeza pafupi, m'dothi lofewa, kuyambira tsiku lowokera. Makande akauma amalimba n'kupana mutu, akanyowa amasunga madzi mpaka mizu kuwola. Tipulani mozama masentimita 30, phwanyani zibuma zonse, ndipo mukweze mabedi masentimita 15 kapena 20, m'lifupi mita imodzi, kuti muzipalira osapondamo.

Pa manyowa ndiye ndikhalitsepo. Ndowe yaiwisi imawotcha mizu yanthete, imabweretsa njere za udzu, komanso imatulutsa nayitrojeni (chakudya chokulitsa masamba) mochedwa, pa nthawi imene anyezi safunanso. Unjikani ndoweyo pamthunzi pamodzi ndi mapesi ndi masangwe, muziwaza madzi ndi kutembenuza, mpaka ide, isiye kutentha ndi kununkha. Yotereyo ndiyo imamasula makande. Ndowa imodzi ya malita 20 ikwanira masikweya mita awiri. Isakanizeni ndi dothi masabata awiri kapena atatu musanawokere. Zitosi za nkhuku ndi zamphamvu, muchepetse ndi theka. Phulusa la nkhuni lochepa limathandiza, popeza anyezi sakonda dothi la asidi wambiri, koma lisakumane ndi feteleza wa Urea kapena CAN tsiku limodzi.

Feteleza wokulitsa, ine ndimakonda D Compound kuposa 23:21:0+4S, chifukwa ali ndi potashi amene amalimbitsa mutu kuti usungike. Dzanja limodzi pa sikweya mita, musakanize m'dothi la pamwamba. Pakatha masabata atatu chiwokerere thirani CAN pang'ono pakati pa mizere, mubwereze pakatha masabata ena atatu, basi. Mukangoona tsinde layamba kufufuma pansi, thumba la feteleza mulimange. Nayitrojeni wa mochedwa ndiye anakupatsani makosi aakulu aja, ndipo khosi lalikulu siliuma, madzi ndi matenda zimalowera pomwepo.

Powokera sankhani mbande zonenepa ngati pensulo, za masabata 6 mpaka 8 ku nazale. Zitalikirane masentimita 10, mizere masentimita 20 mpaka 30, ndipo musazimize kwambiri. Anyezi saundira, mutu umafuna kuonekera pamwamba.

Chinanso, mabedi a chaka chatha aja musabwerezemo anyezi kapena adyo. Bzalanimo nyemba kapena kabichi, anyezi adzabwerere patatha zaka zitatu. Masamba akayamba kugwa lekani kuthirira, ndipo mukazula muwumitse pamthunzi podutsa mphepo mpaka khosi lifote musanaike m'matumba.